Alick Nkhata: Dzina Lili pa Mseu, Nanga Mau Ali Kuti?



Nkhani yathu ya lero iyambira ku Bauleni, komboni imene ili kum'mwera cha kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mbali mwa mseu wa Leopards Hill. Munthu woyenda madzulo m'tinjira ta m'komboni imeneyi sangafike kumene apita osamvako nyimbo. Zina zichokera m'matchalitchi, mmene makwaya akonzekera mapemphero a pa Sabata; zina zichokera m'malo omwera mowa; koma zina zituluka m'tizipinda ting'onoting'ono, mmene anyamata aika kompyuta ndi maikolofoni, natchinga zipupa ndi matiresi akale kuti phokoso la kunja lisalowe. Kachipinda kotere eni ake akatcha situdiyo, ndipo sitingawatsutse, pakuti nyimbo zojambulidwa mmenemo zimvekadi pa mafoni a anthu ambiri.

Mnyamata wotere akatsiriza kujambula nyimbo yake, mtima wake ukhumba chinthu chimodzi, ndicho kuti tsiku lina aimve pa wailesi. Akati apite nayo ku likulu la Zambia National Broadcasting Corporation, adzera ku Kabulonga, nafika pa mseu waukulu umene uchokera ku Longacres, nudutsa pa Mass Media Complex, nupitirira m'mbali mwa Kalingalinga kulinga ku Mtendere. Mseuwo dzina lake ndi Alick Nkhata Road. Oyendetsa minibasi alitchula dzinali tsiku ndi tsiku. Koma mutamuimika mnyamata uja ndi kumufunsa kuti Alick Nkhata anali yani, kapena kuti akuimbireniko nyimbo imodzi ya munthu ameneyu, kawirikawiri angokanda kumutu. Wina ayesa kuti anali nduna ya boma, wina ayesa kuti anali mfumu.

Malemu Bambo Alick Nkhata anali woimba ndi woulutsa mau. Iwo ndi amodzi mwa anthu oyamba m'dziko lino amene anatchuka chifukwa cha mau ojambulidwa m'situdiyo, mau amene analowa m'nyumba za anthu zikwizikwi amene sanaonepo nkhope yao. Lero tifuna kuona za moyo wao ndi ntchito yao, ndi chimene chinachititsa kuti anthu a zinenero zosiyana awalandire monga woimba wa kwao.

Woimba wa m'situdiyo ndi wotani?

Oimba alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa pabwalo, amene anthu amuona ndi maso. Iyeyu athandizidwa ndi zambiri: zovala zake, kavinidwe kake, nthungululu za amai ndi chimwemwe cha khamu. Akaphonya, ng'oma imukwirira, ndipo pofika m'mawa palibe amene akumbukira. Wachiwiri ndi wa m'situdiyo. Iye aimirira m'chipinda chotsekedwa, patsogolo pa maikolofoni imene siiseka ndiponso siiomba m'manja. Alibe pobisala. Kupuma kwake kumveka, kunjenjemera kwa mau ake kumveka, ndipo cholakwa chake chikajambulidwa chidzabwerezedwa nthawi iliyonse imene nyimboyo idzaikidwa pa wailesi.

M'maiko ena ntchito imeneyi inakula kufikira kukhala ntchito payokha. Ku Germany, mwachitsanzo, kuli anthu amene adyera kuimba m'situdiyo moyo wao wonse. Lero athandiza woimba wotchuka ndi mau ovomereza, mawa aimba kanyimbo kotsatsa malonda, ndipo nthawi zambiri maina ao salembedwa pa chikuto cha mbale. Achikulire pakati panu akumbukira gulu la Boney M, limene nyimbo zake zinavinidwa kwambiri muno m'zaka za m'ma 1970. Gululo linakhazikitsidwa ku Germany ndi Frank Farian, ndipo mau aamuna a pa mbale zake zambiri anali a Farian mwini wake, ngakhale kuti pabwalo anthu anali kuona munthu wina. Pambuyo pake Farian yemweyo anakonza gulu la anyamata awiri lotchedwa Milli Vanilli. Mu 1990 zinaululika kuti anyamatawo sindiwo anaimba pa mbale zao, ndipo mphoto ya Grammy imene anapatsidwa inalandidwa.

Apa tiona kuti situdiyo ili ndi mphamvu yolekanitsa mau ndi mwini wake. Pa nkhani ya a Nkhata panalibe chinyengo chotere: mau anali ao, dzina linali lao. Koma chimene chinyengo chinachita kwina, kupita kwa zaka kwachita kwathu kuno. Dzina latsala pa chikwangwani cha mseu, mau atsala m'mbale zakale, ndipo ndi ochepa amene atha kulumikiza ziwirizi.

Mwana wa ku Kasama

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922, dziko lino likali kutchedwa Northern Rhodesia. Atate ao anali a mtundu wa Atonga, ndipo mai ao anali Mbemba. Chotero anakulira m'banja limene munali miyambo iwiri, ndipo khutu lao linazolowera msanga kuti chinthu chimodzi chitha kunenedwa ndi kuimbidwa m'njira zingapo. Anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, imene masiku amenewo inali imodzi mwa ntchito zochepa zimene munthu wakuda wophunzira anali kuloledwa kugwira.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inayamba mu 1939 ndi kutha mu 1945, inatenga anyamata ambiri a kuno kupita nao kutali. A Nkhata analowa usilikali, nafika mpaka ku Burma, kumene asilikali a kum'mawa ndi pakati pa Afirika anamenyana ndi asilikali a ku Japan. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'misasa ya asilikali munakumana Abemba, Achewa, Angoni, Ayao, Aswahili ndi ena ambiri, aliyense ndi nyimbo za kwao, ndipo munamvekanso mbale za galamafoni za ku America ndi ku Ulaya. Asilikali amene anabwerako amoyo anabwera ndi makutu atsopano, ndipo ambiri anabwera atakonda gitala.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za Afirika, amene anali kuyenda m'maiko ambiri ndi makina ojambulira mau. Tracey ndiye anadzakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo yotchedwa International Library of African Music mu 1954, imene lero ili pa Rhodes University ku South Africa. Ntchito yoyenda ndi munthu wotere siinali yoimba ai, koma yomvetsera. Munayenera kufika pamudzi, kulonjera mfumu, kufotokoza cholinga cha ulendo, kudikira kuti oimba asonkhane, kulemba mau a nyimbo ndi tanthauzo lake, ndi kudziwa poika maikolofoni kuti kalimba amveke popanda kumizidwa ndi ng'oma. Imeneyi ndiyo inali sukulu yeniyeni ya a Nkhata. Asanakhale woimba wa m'situdiyo, anayamba akhala womvetsera wa pabwalo la mudzi.

Wailesi ya poto

Tsono mau ojambulidwa afuna njira yofikira anthu. Boma la atsamunda linatsegula nyumba ya wailesi mu Lusaka m'chaka cha 1941, makamaka kuti liziulutsa nkhani za nkhondo. Koma mawailesi anali okwera mtengo, ndipo ambiri anali ofuna magetsi. Anthu akuda anali kumvera pa mawailesi a gulu, amene anaikidwa pa maboma, m'maholo a kumigodi ndi kwa mafumu ena.

Mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma, Harry Franklin, anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yotsika mtengo, yolimba, ndi yoyendera batire. Pomaliza kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mu 1949 kunafika wailesi yotchedwa Saucepan Special. Anaitcha chomwecho chifukwa chikopa chake chinali chonga poto wophikira, chozungulira, chopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake linali mashilingi 25. Sizinali ndalama zochepa, komabe kalaliki, mphunzitsi, msilikali wopuma kapena wogwira ntchito mumgodi anali kutha kusunga pang'onopang'ono mpaka kuigula. M'zaka zowerengeka mawailesi amenewa anagulidwa zikwi zambiri, ndipo wailesi imodzi inali kusonkhanitsa banja lonse pamodzi ndi anansi.

Pa nthawi imeneyo nyumba ya wailesi ya mu Lusaka inali kutchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inapatsidwa ntchito youlutsira anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inali kulankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingelezi. Pologalamu imene inakondedwa koposa inali ndi dzina la Chinyanja, Zimene Mwatifunsa, mmene omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ao akutali. Munthu wa ku Chipata, kumene masiku amenewo kunali kutchedwa Fort Jameson, wogwira ntchito ku Bulawayo, anali kutha kulonjera mai ake kumudzi kudzera mu Lusaka.

Muno ndimo a Nkhata analowa ntchito cha m'ma 1950, monga woulutsa mau, womasulira ndi woona za nyimbo. Wailesi inali ndi njala ya nyimbo za anthu akuda, pakuti mbale zogulitsidwa m'masitolo zinali zochepa. Chotero akulu a nyumbayo, monga Michael Kittermaster, analimbikitsa ntchito yotumiza galimoto yojambulira mau m'midzi ndi m'makomboni, ndi yoitana oimba kuti abwere ku situdiyo. Ntchito imeneyi inagwirizana ndendende ndi zimene a Nkhata anaphunzira kwa Tracey.

M'chipinda chojambulira

Kuti timvetse luso lao, tiyenera kudziwa mmene ntchito yojambula inali kuchitikira. Lero mnyamata wa ku Bauleni atha kuimba mzere umodzi kakhumi, nasankha pamene pamveka bwino, ndipo kompyuta iwongola mau amene apotoka. Masiku amenewo kunalibe zotere. Poyamba mau anali kulembedwa mwachindunji pa mbale ndi singano yosema timizere, kotero kuti munthu mmodzi akalakwa, mbale yonse inali kutayidwa, gulu lonse nkuyambanso. Makina a tepi, amene anayamba kupangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1930 ndi kufalikira m'maiko ena nkhondo itatha, anapeputsako ntchito, komabe gulu lonse linayenera kuimba pamodzi nthawi imodzi.

Kawirikawiri maikolofoni inali imodzi. Wotsogolera nyimbo anali kuima pafupi, ovomereza pambuyo pang'ono, ndipo chida chaphokoso chinali kukankhidwira kutali. Kusakaniza mau, kumene lero kuchitika ndi zala pa makina, kunali kuchitika ndi mapazi. Ndiponso mbale ya galamafoni, imene inali kuzungulira ka 78 pa mphindi imodzi, inali kunyamula nyimbo ya mphindi ngati zitatu zokha mbali imodzi. Nyimbo ya pamudzi, imene pa gule itha kupitirira mpaka ovina atatopa, inayenera kudulidwa ndi kukonzedwa kuti ikhale ndi chiyambi, pakati ndi mathero m'mphindi zitatuzo, koma osataya mtima wake.

Apa ndi pamene a Nkhata anaposa anzao. Anali kutenga nyimbo ya makolo, kapena kupeka yao pa kamvekedwe ka nyimbo za makolo, naiika pa gitala, nagawa mau a ovomereza mwaudongo monga anali kuchitira magulu oimba a ku America, ndipo nthawi zina kalizidwe ka gitala kanali konga ka nyimbo za abusa a ng'ombe a kumeneko, zimene anthu a kuno anazikonda kudzera m'makanema a kumigodi. Anayamba ndi kagulu ka anthu anai, kotchedwa Alick Nkhata Quartet, ndipo pambuyo pake kunabadwa gulu lalikulupo la Lusaka Radio Band, limene linadzatchedwa Big Gold Six Band. Mau ao anali ofatsa ndi omveka bwino. Sanali kukuwa, pakuti anadziwa kuti woimba wa pa wailesi salankhula ndi khamu la pabwalo, koma ndi anthu ochepa okhala pa mphasa kuzungulira wailesi.

Zimene anali kuimba

A Nkhata anaimba kwambiri m'Chibemba, komanso m'Chinyanja ndi m'zinenero zina za m'dera lino. Nyimbo yao yotchedwa Shalapo ili ndi dzina limene m'Chibemba ndi mau otsazikira. Imbote itchula mowa wa uchi. Taxi Driver itifikitsa m'tauni, pakati pa ntchito zatsopano zimene makolo sanazidziwe. Kalindawalo ni Mfumu itchula mfumu yaikulu ya Ansenga ya ku Petauke. Uluse lwa Nkwale ikumbutsa mwambi wa Chibemba umene ife tili nao m'chinenero chathu, wakuti chifundo chinapha nkhwali. Maina okhawa aonetsa kukula kwa munda umene iwo anali kulima: chikondi ndi kusiyana, mowa, ntchito za m'tauni, ulemu wa mafumu, ndi nzeru za miyambi.

Tikumbukire kuti anthu amene anali kumvera nyimbozi anali pakati pa miyoyo iwiri. Ambiri anabadwira kumudzi, nabwera ku Lusaka kapena kumigodi kudzafuna ndalama za msonkho ndi za zovala. M'tauni anapeza malipiro a pamwezi, ngongole, madansi, maukwati osadziwika kwa ankhoswe, ndi anansi a chinenero china. Kumudzi, munthu akalakwa, amai anali kumuimba pa mtondo, ndipo mudzi wonse unali kumva. M'tauni mtondo wotere unasowa. Nyimbo za a Nkhata zinagwira ntchito imeneyo: zinaseka wonyada, zinachenjeza womwazamwaza ndalama, zinalira pamodzi ndi wosiyidwa. Womvera anali kuzindikira m'nyimbomo mnansi wake, ndipo nthawi zina anali kudzizindikira yekha.

Ichi ndicho chinsinsi cha kutchuka kwao. Sanabwere ndi nyimbo zachilendo kuti anthu azizolowere. Anatenga zimene anthu anali nazo kale, nazikonza, nawabwezera kudzera pa wailesi. Munthu wa m'komboni anamva kwa nthawi yoyamba kuti moyo wake, ndi chinenero chake, ndi zoyenera kutuluka m'makina amene kale anali kulankhula za azungu zokha.

Mtengo wa kutchuka

Koma ntchitoyi inali ndi minga yake. Wailesi inali ya boma la atsamunda, ndipo mu 1953 bomalo linakakamiza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda ambiri anachikana. Oulutsa mau akuda anapezeka pakati pa moto uwiri. Ntchito yao inali kuwerenga nkhani za boma, pamene mitima ya abale ao inali kuwawa. M'masiku omwewo kunafala mphekesera yakuti kuli anthu ogwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi, amene Abemba anawatcha banyama, ndipo ena anayamba kuloza chala ogwira ntchito pa wailesi kuti ali m'gulu limenelo. Peter Fraenkel, amene anabadwira ku Breslau m'dziko la Germany, nathawira kuno ndi makolo ake mu 1939, nadzagwira ntchito pa wailesi ya mu Lusaka, anafotokoza za mantha a masiku amenewo m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, limene linatuluka mu 1959.

Taganizani za munthu amene mau ake adziwika m'nyumba iliyonse, koma anthu sadziwa mtima wake. Dzulo anali kumuombera m'manja, lero amunong'ona. Woimba wa pabwalo atha kuyang'ana anthu m'maso ndi kudziyankhira. Woimba wa m'situdiyo alibe mwai umenewo. Chomuyankhira ndi ntchito yake yokha, ndi kupita kwa nthawi. A Nkhata anapirira, napitiriza ntchito, ndipo pamene ndale za ufulu zinakula, anaimba nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP ndi dziko latsopano limene linali kubadwa.

Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo pa 24 Okutobala 1964 dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira. A Nkhata anakwezedwa pa ntchito mpaka kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nyumba ya wailesi, ndipo anatsogoleranso nthambi ya boma yoona za chikhalidwe. Munthu amene anayamba ndi kunyamula makina ojambulira m'midzi anafika pokhala mmodzi wa osankha zimene mtundu wonse udzamva.

Imfa ya ku Mkushi

Mu 1974 anapuma pa ntchito, napita kukalima pa famu yao ku Mkushi. Zaka zimenezo dziko la Zambia linali kusunga omenyera ufulu a maiko oyandikana nalo, ndipo pafupi ndi Mkushi panali msasa wa gulu la ZIPRA, la chipani cha Joshua Nkomo cha ku Southern Rhodesia. Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a boma la Ian Smith analowa m'dziko lino ndi ndege, naphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi wa ku Mkushi. Anthu ambiri anafa tsiku limenelo, ndipo a Nkhata anali mmodzi wa iwo. Anali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka nkhondo ya ku Burma anafera kwao, pa nkhondo ya dziko la eni, dziko limene anthu ake anawaimbira pa wailesi zaka zambiri. Patangopita chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi, mu Epulo 1980, dzikolo linakhala Zimbabwe.

Pamene iwo anali kumwalira, mbeu imene anafesa inali itamera. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko muno. Kampani ya Teal inali kudinda mbale ku Ndola, ndipo mu Lusaka munali situdiyo ya dB, mmene magulu ambiri anajambulira. Paul Ngozi anaimba za moyo wa m'makomboni a Lusaka ndi gitala yaukali. Nashil Pichen Kazembe, amene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito m'masitudiyo a ku Nairobi, anatchuka ndi A Phiri Anabwera, nyimbo ya munthu wobwerera kumudzi chimanjamanja. Emmanuel Mulemena anaika nyimbo za Chikaonde pa magitala. Kamvekedwe kao kanali kosiyana ndi ka a Nkhata, koma njira inali yomweyo: kuimba za anthu ako, m'chinenero chao, pa zida za masiku ako.

Chimene chatsala, ndi chimene chingatayike

Nyumba ya Mass Media Complex inamangidwa iwo atamwalira kale, kotero sanaimbemo. Koma nkoyenera kuti mseu wopita kumeneko utchedwe dzina lao. Funso ndi lakuti, kodi dzina lokha likwanira?

Mbale za galamafoni ndi zosachedwa kusweka. Tepi iuma ndi kutentha, imera nkhungu ndi chinyezi, ndipo makina oiwerengera asowa chaka ndi chaka. Nyimbo imene siinakoperedwe m'makina a masiku ano ili ngati mbeu yosungidwa m'nkhokwe yodontha. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zina za a Nkhata m'chimbale chotchedwa Shalapo, ndipo mu 2025 kampani ya Mississippi Records ya ku America inatulutsa china chotchedwa Radio Lusaka. Tiyenera kuyamika ntchito imeneyi. Komabe ndi chinthu chofunika kuchilingalira, kuti munthu wa ku London kapena ku New York atha kudziwa mau a a Nkhata bwino kuposa mwana wobadwira mtunda woyenda pansi kuchokera pa mseu wa dzina lao.

Tsono pali zimene tingachite. Inu akulu amene muli ndi mbale zakale kapena makaseti pansi pa bedi kapena m'sutikesi, musazitaye, ndipo musapatse ana kuti aziseweretsa. Zisungeni choimirira, pamalo pouma ndi posafika dzuwa, ndipo funsani a nyumba ya wailesi kapena a National Archives of Zambia za mmene zingakoperedwe. Inu aphunzitsi, pophunzitsa mbiri ya ufulu wathu, musatchule andale okha; ikani nyimbo imodzi ya masiku amenewo, ana amve mmene agogo ao anali kuseka ndi kudandaula.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana a m'tizipinda tojambulira ta ku Bauleni, Kanyama, Matero, Chawama, George ndi kwina konse, mwina mudzati tsobola wakale sawawa. Palibe amene akupemphani kuti muimbe monga anali kuimbira anthu mu 1952. Koma pali zinthu zitatu zimene mungatengepo pa moyo wa a Nkhata. Choyamba, yambani ndi kumvetsera. Amai ogulitsa pa msika, okumba miyala, oyendetsa minibasi, agogo amene anabwera kuchokera ku Petauke kapena ku Katete ndi nyimbo zao za chinamwali ndi za pa mtondo, onsewa ali ndi mau amene palibe kompyuta ingakupatseni. Chachiwiri, phunzirani kuimba nyimbo yonse bwinobwino kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ngati kuti palibe makina okuwongolerani, pakuti tsiku lidzafika limene mudzaima pamaso pa anthu. Chachitatu, samalani dzina lanu ndi la anzanu. Lembani amene anapeka nyimbo, amene anavomereza, amene analiza chida chilichonse, ndi tsiku limene munajambula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza eni nyimbo, limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndiponso bungwe la ZAMCOPS limene lilembetsa nyimbo ndi kutolera malipiro a eni ake. Mtsikana amene wakuthandizani ndi mau ovomereza, mwamulipira kapena simunamulipire, ali ndi dzina, ndipo liyenera kulembedwa.

Tsiku lina mukadzakwera minibasi yodzera pa Alick Nkhata Road, mudzakumbukire kuti mwini dzinalo anali mwana wa ku Kasama, mphunzitsi, msilikali, wojambula nyimbo za m'midzi, woulutsa mau, ndi woimba amene anaima patsogolo pa maikolofoni imodzi naimbira maiko atatu. Mukafika kunyumba, funani nyimbo yao imodzi, muimvetsere pamodzi ndi ana anu.